Tulo ta M'chipinda cha Opaleshoni: Mbiri ya Mankhwala Ogonetsa M'Malawi

Akuluakulu adati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Mwambiwu ndi woona pa zinthu zambiri, koma pali malo amodzi pamene munthu amakakamizika kuuphwanya. Malowo ndi chipinda cha opaleshoni, chimene anthu ambiri amangochitcha kuti fiyeta. M'menemo wodwala amapatsidwa mankhwala omugonetsa tulo tofa nato, ndipo kwa ola limodzi kapena awiri sangathe kumva, kuyankhula, ngakhale kupuma bwino payekha. Phukusi lake la moyo limakhala m'manja mwa munthu wina amene waima kumutu kwa bedi. Mbiri ya mankhwala amenewa m'Malawi ikusonyeza kuti kugonetsa munthu n'kosavuta, koma luso lenileni lili pa kumudzutsa. Mankhwalawo adafika m'dziko muno msanga, komabe padapita zaka zopitirira 100 kuti papezeke anthu ndi zipangizo zoti mayi wa ku Bvumbwe, kapena wothyola tiyi m'minda ya ku Thyolo, agone ali ndi chikhulupiriro choti adzuka.

Mankhwala ogonetsa asanatulukiridwe, opaleshoni idali chinthu choopsa kulikonse pa dziko lapansi. M'midzi ya kuno, asing'anga ankatema mphini, kulumika ndi nyanga, kuphulitsa zithupsa, kuzula mivi m'thupi ndi kulumikiza mafupa othyoka pomangirira timitengo. Wodwala ankangoluma mano uku abale ake atamugwira mwamphamvu. Ku Ulaya nako zinthu sizidali zosiyana kwenikweni. Madokotala ankamwetsa wodwala mowa waukali kapena mankhwala oledzeretsa otchedwa opium, kenaka amuna amphamvu n'kumupanikiza pa thebulo. Dokotala wotchuka adali amene ankadula mwendo mofulumira, ndipo Robert Liston wa ku London ankatamidwa chifukwa chomaliza ntchito yotereyi m'mphindi zochepa chabe. Kung'amba mimba kapena chifuwa cha munthu wamoyo sikunkachitika kawirikawiri, pakuti ululu ndi kutaya magazi zinkapha wodwala ntchito isanathe.

Zinthu zidasintha pa 16 Okutobala 1846. Pa tsikuli dokotala wa mano, William Morton, adapumitsa wodwala nthunzi ya mankhwala otchedwa ether pa chipatala cha Massachusetts General mumzinda wa Boston ku America. Wodwalayo adagona, ndipo dokotala John Collins Warren adachotsa chotupa pakhosi pake popanda kufuula kumene anthu adazolowera. Mbiriyo idawanda ngati moto wolusa, moti mu Disembala chaka chomwecho Liston adadula mwendo wa munthu ku London atamugonetsa ndi ether. Mu Novembala 1847, James Young Simpson wa ku Edinburgh ku Scotland adayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ena, chloroform, amene ankagonetsa msanga ndiponso adali ndi fungo lokoma. Pamene Mfumukazi Victoria adalandira chloroform pobereka mwana wake wachisanu ndi chitatu mu 1853, ambiri amene ankakayika adakhala chete.

Komabe, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu Januwale 1848, patangotha miyezi iwiri chloroform atayamba kugwiritsidwa ntchito, mtsikana wa zaka 15, Hannah Greener, adamwalira pafupi ndi mzinda wa Newcastle ku England atapatsidwa mankhwalawa pofuna kumuchotsa chikhadabo cha kuphazi. Imfa zina zidatsatira. Madokotala adazindikira kuti chloroform amatha kuimitsa mtima mwadzidzidzi ndi kuononga chiwindi, ndipo kuti mlingo wogonetsa ndi mlingo wakupha ndi yoyandikana kwambiri. John Snow, dokotala amene adapereka chloroform kwa Mfumukazi Victoria, adathera zaka zambiri akufufuza mlingo woyenera. Iyeyu adali mmodzi mwa anthu oyamba kuona kuti kugonetsa odwala ndi ntchito payokha, yofuna munthu wosachita china chilichonse koma kuyang'anira wogonayo.

Chloroform adafika kuno kudzera mwa amishoni a ku Scotland, kwawo kwa mankhwalawo. David Livingstone adamaliza maphunziro a udokotala mu 1840, mankhwala ogonetsa asanadziwike. Mu 1844 mkango udamuluma n'kumuswa fupa la mkono ku Mabotsa, kum'mwera kwa Africa, ndipo polemba za ngoziyi patapita zaka adafanizira dzanzi limene adamva ndi la odwala opatsidwa chloroform. Livingstone adafika ku nyanja ya Malawi mu 1859, ndipo atamwalira mipingo ya kwawo idatumiza amishoni omutsatira. Mu Okutobala 1875 gulu la Livingstonia lidafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala, ndipo pakati pawo padali dokotala wachinyamata, Robert Laws. Mu Malichi 1876 Laws adagonetsa mnyamata wina ndi chloroform n'kumuchotsa chotupa pamwamba pa diso. Mabuku a mbiri amati iyi idali nthawi yoyamba mankhwalawa kugwiritsidwa ntchito m'chigawo chapakati cha Africa. Padali pasanathe zaka 30 kuchokera pamene Simpson adawayesa ku Edinburgh.

Botolo la chloroform lidali losavuta kunyamula pa sitima kapena pamutu pa mtengatenga, koma munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito sankapezeka wambawamba. Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu 1876, ndipo mu 1896 kudafika dokotala Neil Macvicar amene adayamba kuphunzitsa anthu akuda ntchito ya chipatala. Mmodzi mwa ophunzira ake oyamba adali John Gray Kufa, amene pambuyo pake adanyongedwa mu 1915 chifukwa cha nkhondo ya John Chilembwe. M'zaka za m'ma 1930 boma la atsamunda nalo lidayamba kuphunzitsa othandiza madokotala pa chipatala cha anthu akuda ku Zomba. Popeza zipatala zambiri zidali ndi dokotala mmodzi yekha, iyeyo ankagwira mpeni, ndipo botolo la mankhwala ogonetsa linkagwidwa ndi namwino kapena wothandiza dokotala, amene ankaphunzira ntchitoyi poonerera. Motero kuyambira pachiyambi, mlonda wa wodwala wogona m'dziko muno kawirikawiri adali Mmalawi amene dzina lake silidalembedwe m'mabuku.

M'boma la Thyolo, tiyi adayamba kulimidwa mu 1908, ndipo minda ikuluikulu idakopa antchito ambirimbiri, makamaka Alomwe ochokera ku Mozambique, amene ambiri a iwo adagwa m'goli la thangata. Bvumbwe, malo a malonda amene ali pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku boma la Thyolo, adakula pakati pa minda yotereyi. Timazipatala ta m'mindamo tinkatsuka zilonda ndi kupereka mankhwala a malungo, koma wothyoka fupa kapena mayi amene mwana wapingasa ankayenera kunyamulidwa pa machira ulendo wautali. Mpingo wa Seventh-day Adventist udayamba ntchito pa Malamulo ku Makwasa mu 1902, n'kutsegula kachipatala mu 1915, ndipo dokotala woyamba, Carl Birkenstock, adafika mu 1925. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre chidatsegulidwa mu 1958. Malo amenewa, pamodzi ndi chipatala cha boma ku Thyolo, ndi amene adakhala pothawira pa anthu a ku Bvumbwe ofuna opaleshoni.

Kagonetsedwe ka masiku amenewo kadali kosavuta kufotokoza koma kovuta kuchita. Pankhope pa wodwala pankaikidwa chophimba cha waya chokutidwa ndi nsalu yopyapyala, ndipo wogonetsa ankadontheza mankhwala pa nsaluyo pang'onopang'ono. Chida chake chachikulu chidali maso ndi zala. Ankayang'ana kukwera ndi kutsika kwa chifuwa, kukula kwa mwana wa diso, ndi mtundu wa magazi otuluka pa bala, uku chala chili pa mtsempha. M'kupita kwa nthawi ether adalowa m'malo mwa chloroform chifukwa ether salepheretsa munthu kupuma msanga ndipo savulaza mtima kawirikawiri. Koma naye adali ndi zovuta zake. Amachedwa kugonetsa, amasanzitsa wodwala akadzuka, ndipo amayaka ngati petulo, moti nyali ya parafini m'chipinda cha opaleshoni idali ngozi. Kuwonjezera apo ether amawira pa madigiri 35, choncho m'nyengo yotentha ankauluka pa nsalu asanafike m'mapapo a wodwala.

Pamene zaka zinkapita, akatswiri adazindikira kuti kugonetsa munthu kuli ndi mbali zitatu: tulo, kuletsa ululu, ndi kufewetsa minofu kuti dokotala agwire ntchito momasuka. M'malo mothira mankhwala amodzi ochuluka, adayamba kupereka mankhwala angapo pang'onopang'ono, aliwonse pa ntchito yake. Mu 1934 kudabwera thiopentone, wobaya mumtsempha, amene amagonetsa munthu asanamalize kuwerenga mpaka 30. Oletsa ululu adali morphine, wochokera ku opium, ndipo pambuyo pake pethidine. Ofewetsa minofu adachokera ku curare, ululu umene alenje a ku South America ankapaka pa mivi, ndipo Harold Griffith adaugwiritsa ntchito pa opaleshoni ku Montreal mu 1942. Nkhani yofanana idachitikapo kuno. John Kirk, dokotala amene adayenda ndi Livingstone, adaona Amang'anja a m'chigwa cha Shire akupaka kombe pa mivi, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh adatulutsamo mankhwala a mtima. Zonsezi zidatsimikiza kuti chosiyanitsa ululu ndi mankhwala ndi mlingo. Koma curare amafooketsanso minofu yopumira, choncho wogonetsa adayenera kuphunzira kulowetsa chubu pakhosi ndi kupumira wodwalayo pofinya thumba la mphira.

Njira ina idali yochititsa dzanzi mbali imodzi ya thupi munthu ali maso. Mu 1884 Carl Koller wa ku Vienna adadontheza cocaine m'diso n'kupeza kuti diso silimvanso ululu. Mu 1898 August Bier wa ku Germany adabaya mankhwala omwewo m'madzi ozungulira mitsempha ya mumsana, ndipo wodwala adachita dzanzi kuchokera m'chiuno kutsika m'munsi. Pambuyo pake cocaine adalowedwa m'malo ndi mankhwala osaopsa kwambiri monga lignocaine ndi bupivacaine. Mu 1956 ku Manchester kudayamba kugwiritsidwa ntchito halothane, wopumitsa ngati ether koma wosayaka. Vuto lake lidali loti amafooketsa kupuma ndi kugunda kwa mtima, choncho amafuna okosijeni woonjezera. Mu 1962 katswiri wa ku America, Calvin Stevens, adapanga ketamine, amene adavomerezedwa mu 1970. Mankhwalawa adakhala bwenzi la zipatala za kumidzi chifukwa ndi obaya, otsika mtengo, safuna makina, ndipo wodwala amapitiriza kupuma yekha magazi akuthamanga bwino, ngakhale kuti ena amalota maloto oopsa podzuka.

Malawi atalandira ufulu mu 1964, ambiri mwa mankhwala amenewa adali atadziwika kale, koma zipangizo zowaperekera zidali zopangidwira maiko ena. Makina ofala ku Ulaya, amene adayambitsidwa ndi Henry Boyle mu 1917, amadalira mpweya wopanikizidwa m'masilinda a chitsulo. Silinda ikatha, makinawo amasanduka chitsulo chopanda ntchito, ndipo ikatha opaleshoni ili m'kati wodwala akhoza kufa. Masilinda ndi olemera ndiponso okwera mtengo, ndipo kuwafikitsa ku chipatala cha kutali m'nyengo ya dzinja kudali kovuta. Makina ambiri operekedwa ndi abwenzi akunja adathera m'zipinda zosungira katundu chifukwa chosowa mpweya kapena kachitsulo kamodzi. Yankho loyamba lidachokera ku Oxford ku England m'zaka za m'ma 1950, kumene adapanga kachipangizo kotchedwa EMO. Mwa iko, mpweya wamba wa m'chipinda umakokedwa ndi kupuma kwa wodwala, n'kudutsa pamwamba pa ether ndi kutenga mlingo woyezedwa wa nthunzi yake. Kachipangizoka sikafuna silinda kapena magetsi, koma sikapereka okosijeni woonjezera, amene ndi wofunika kwambiri kwa ana, kwa ochepa magazi, ndi m'madera okwera monga Thyolo kumene mpweya ndi wopepukirapo.

Mu 1986 pa chipatala cha Queen Elizabeth padafika dokotala wogonetsa wa ku Britain, Paul Fenton, amene adagwira ntchito m'dziko muno mpaka 2001. Iye pamodzi ndi anzake, mothandizidwa ndi bungwe la DANIDA la ku Denmark, adalumikiza njira ya ku Oxford ija ndi makina osefa okosijeni. Mpweya umene anthu amapuma uli ndi magawo 21 pa 100 a okosijeni ndi magawo 78 a nayitirojeni. Makina osefawo amapopa mpweya wa m'chipinda kudutsa mu timiyala totchedwa zeolite, timene timagwira nayitirojeni n'kusiya okosijeni wopitirira magawo 90 pa 100. Chomwe amafuna ndi magetsi okha. Magetsi akazima, okosijeni woonjezera amaleka, koma wodwala amapitiriza kupuma mpweya wamba wosakaniza ndi mankhwala, ndipo opaleshoni siimira panjira. Makinawa adagawidwa m'zipatala za m'dziko muno, ndipo mu 1989 Fenton adawafotokoza m'magazini ya akatswiri yotchedwa Anaesthesia. Dziko lapansi lidawadziwa ndi dzina la Malawi.

Fenton adaonanso kuti makina opanda munthu wodziwa ndi khasu lopanda mpini. Kuyambira mu 1976 boma lidali likuphunzitsa ma clinical officer, anthu amene si madokotala koma amaphunzira kupima, kuchiza ndi kuchita maopaleshoni ena. Mu 1988 ku Blantyre kudakhazikitsidwa sukulu yophunzitsa kugonetsa odwala, Malawi School of Anaesthesia, imene idatenga anthu odziwa kale ntchito ya chipatala n'kuwaphunzitsa kwa miyezi 18. Ophunzirawo ankaloweza milingo ya mankhwala, kubaya mumsana, kulowetsa chubu pakhosi, kutsitsimula khanda lobadwa losapuma, ndi kukonza okha makina akaonongeka. Akamaliza ankatumizidwa m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni, kumene nthawi zina munthu mmodzi ankadzutsidwa usiku uliwonse popanda wosinthana naye. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine idatsegulidwa mu 1991, koma katundu wolemera adatsalabe pa mapewa a ma clinical officer. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2007 adapeza kuti pafupifupi 9 mwa maopaleshoni 10 aliwonse a uchembere m'zipatala za m'maboma ankachitidwa ndi iwowa.

Ogonetsa odwalawa adachitanso chinthu china chofunika, ndicho kuwerenga zotsatira za ntchito yawo. Kuyambira Januwale 1998 mpaka Juni 2000, m'zipatala 25 za m'dziko muno, iwo adalemba tsatanetsatane wa maopaleshoni 8,070 otulutsa mwana m'mimba, amene anthu amangoti siza. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2003 m'magazini ya British Medical Journal. Amayi 85 adamwalira, kutanthauza mayi mmodzi pa amayi 100 aliwonse. Chodabwitsa chidali choti 65 mwa iwo adamwalira opaleshoni itatha, ali kale mu wodi. Kafukufukuyu adapezanso kuti imfa zinkachuluka pamene mayi wataya magazi ambiri, pamene wogonetsa adali wosaphunzira mokwanira, ndiponso pamene mayi adagonetsedwa thupi lonse m'malo mobayidwa mumsana. Maopaleshoni ambiri adali adzidzidzi, ochitika mayi atavutika kale nthawi yaitali mwana akukanika kutuluka.

Ziwerengerozi zidasonyeza kuti mantha a anthu a m'midzi, oti wolowa m'fiyeta satulukamo wamoyo, adali ndi gwero lake, komanso kuti amayi 99 pa 100 aliwonse ankatulukamo amoyo, ndipo chakupha chachikulu sichidali mankhwala ogonetsa okha. Kuchedwa kufika ku chipatala, kusowa kwa magazi, ndi kusowa kwa woyang'anira wodwala m'maola oyamba akatuluka m'fiyeta ndi zimene zinkatenga miyoyo yambiri. Lero mayi wa ku Bvumbwe akavutika pochira, chipatala chaching'ono cha pamalopo chimamutumiza ku chipatala chachikulu chokhala ndi fiyeta. Kumeneko kawirikawiri amapatsidwa madzi a diripi, n'kukhala pansi atawerama, ndipo wogonetsa amabaya bupivacaine pang'ono m'munsi mwa msana. Pakapita mphindi zochepa miyendo imalemera, mimba imachita dzanzi, koma mayiyo amakhala maso ndipo amamva kulira koyamba kwa mwana wake. Choopsa cha njirayi n'choti magazi amatha kusiya kuthamanga bwino mwadzidzidzi, n'chifukwa chake wogonetsa amawayeza pafupipafupi, mankhwala owakweza monga ephedrine kapena adrenaline ali pafupi.

M'zaka zotsatira, maso ndi zala za wogonetsa zidapeza wothandiza. Kale chizindikiro choti wodwala akusowa mpweya chidali kusintha mtundu kwa milomo ndi zikhadabo, chinthu chimene chimaoneka mochedwa ndipo n'chovuta kuchiona pa khungu lakuda. Kachipangizo kotchedwa pulse oximeter, kamene nzeru yake idachokera kwa Takuo Aoyagi wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, kamapanidwa pa chala n'kumasonyeza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, ndipo kamalira akatsika. Bungwe la Lifebox, limene lidakhazikitsidwa mu 2011, lidagawa tizipangizoti kwa ogonetsa odwala m'Malawi pamodzi ndi maphunziro, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 adapeza kuti odwala otsika okosijeni pa opaleshoni adachepa. Mu 2008 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidatulutsa mndandanda wa mafunso oyenera kufunsidwa mpeni usanakhudze khungu, monga dzina la wodwala, malo ong'amba, ndi magazi amene angafunike. Nzeru za makina a Malawi aja zidabala makina ena, Universal Anaesthesia Machine, amene Fenton adawakonza ndipo adayamba kufala m'maiko ambiri cha m'ma 2010. Mu 2014 chipatala cha Malamulo chidayamba kuphunzitsa akatswiri a opaleshoni, ndipo mu 2017 pa Queen Elizabeth padatsegulidwa Mercy James Centre, malo ochitira opaleshoni ana.

Mbiriyi ikusonyezanso kuti zosankha zopangidwa kutali zimakhudza wodwala wa kumudzi. Maiko olemera atasiya ether, mankhwalawa adayamba kusowa pa msika, ndipo mu 2005 WHO idawachotsa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Mu 2015 dziko la China lidapempha bungwe la United Nations kuti ketamine aikidwe m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mokhwima chifukwa anthu ena amaledzera naye. WHO pamodzi ndi mabungwe a madokotala adatsutsa, ponena kuti lamulo lotere likadasowetsa mankhwalawa m'zipatala zosauka kumene kulibe cholowa m'malo mwake, ndipo pempholo lidaimitsidwa. Kuyambira mu 2023 halothane naye adayamba kusowa popeza opanga ake akuluakulu adasiya kumupanga. Olowa m'malo mwake, isoflurane ndi sevoflurane, ndi abwino, koma ndi okwera mtengo, ndipo kusintha mankhwala kumafuna zipangizo zina ndi maphunziro atsopano.

Mavuto ena akadalipo. Mu 2015 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya Lancet lidawerengera kuti anthu 5 biliyoni pa dziko lapansi sangathe kupeza opaleshoni yodalirika ndi yotsika mtengo pa nthawi yake. Chitaganya cha mabungwe a madokotala ogonetsa pa dziko lonse chimalimbikitsa kuti pa anthu 100,000 aliwonse pazikhala madokotala ogonetsa osachepera 5. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo opitirira 700,000 adali m'boma la Thyolo. Potsatira mlingowu, dziko lino likadafuna madokotala otere 875, ndipo Thyolo yekha akadafuna 35, chiwerengero chimene chili kutali ndi chimene chilipo. Magetsi nawo ndi osadalirika. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo kwa nthawi yopitirira chaka zipatala zinkadalira majenereta ofuna mafuta okwera mtengo. Masiku amenewo adakumbutsa anthu chifukwa chake makina osaima magetsi akazima adapangidwa.

Mutu umodzi susenza denga, choncho wodwala ndi abale ake ali ndi mbali yawo. Lamulo losadya chakudya kwa maola 6 opaleshoni isanachitike si nkhanza ya anamwino. Munthu akagonetsedwa, zakudya za m'mimba zimatha kubwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo, ndipo phala lopatsidwa mobisa ndi wachibale wachifundo likhoza kupha. Wodwala ayeneranso kunena zoona za mankhwala amene wamwa, kuphatikizapo azitsamba monga mwanamphepo, za mowa, fodya, ndi matenda amene ali nawo, pakuti zonsezi zimasintha mlingo woyenera. Mayi woyembekezera amene walangizidwa kukadikirira ku chipatala amapatsa wogonetsa mpata wokonzekera. Magazi amene amapulumutsa wotaya magazi m'fiyeta sapangidwa m'fakitale. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, ndipo magazi amachepa sukulu zikatsekera.

Pomaliza, ulendo wochokera pa botolo la chloroform la Robert Laws mu 1876 kufika pa jekeseni ya mumsana ya lero waona mankhwala ambiri akubwera ndi kupita. Chloroform adasiyidwa, ether adasowa, ndipo halothane akutsatira. Chimene chidachepetsa imfa m'dziko muno chidali kupanga zipangizo zogwirizana ndi misewu, magetsi ndi chuma cha kuno, kuphunzitsa munthu woima kumutu kwa bedi, ndi kuwerenga moona mtima amoyo ndi akufa. Wodwala akachira amathokoza dokotala amene adamung'amba, ndipo kawirikawiri sakumbukira nkhope ya amene adamugonetsa, popeza nthawi yonse imene munthuyo ankamulondera iye adali m'tulo. Zipatala za Thyolo, Malamulo ndi Queen Elizabeth zikufunabe alonda otere ambiri, ndipo adzachokera pakati pa achinyamata amene lero akuphunzira sayansi ndi masamu m'sukulu za sekondale.